Phokoso la m'wailesi ya Bambo

Lolemba, 3 Malichi

Amayi afika ku shedi m'mawa ndisanatsegule n'komwe. Ambulera m'khwapa, nkhope ngati kwagwa zovuta. Nkhani yake: Bambo apatsidwa mpaka kutha kwa mwezi uno. Akapitiriza kusayankha wailesi, makiyi a Gogo abwerere ku ofesi.

Gogo, galimoto yokokera magalimoto owonongeka. Bambo anayamba kumuyendetsa ine ndili ku pulayimale, ndipo pakampani ponse palibe wina amene Gogo amamumvera. Ntchito yawo yambiri ndi ya kumapiri, kumene foni imangosanduka tochi. Zonse zimayendera wailesi ya ova-ova. Ku ofesi aitana, dalaivala ayankha, n'kupita kukakoka.

Sabata yatha lole ya simenti inafera pachikweza masana onse. Mayi Ova, amene amakhala pa wailesi ku ofesi kuja, anaitana mpaka mawu kusasa. Bambo anali chapafupi pomwepo, koma zii. Lole ija anakaikoka a kampani ina. Bwana wamng'ono, mwana wa eni kampani, wapsa mtima.

Bambo akuti vuto ndi phokoso la m'wailesi. Bwana akuti, monga andiuzira Amayi, "Ngati ndi wailesi ikonzedwe, ngati ndi makutu tithokozane." Ndiye akuti paja mwana wanu ndi wa zamagetsi a galimoto, abwere adzaone.

Mwanayo ndine. Zaka zonse ndakhala ndi shedi yangayanga, Bambo sanandilolepo kusintha ngakhale fyuzi ya Gogo. Sipanala anandigwiritsa ndi iwo omwe ndili kamwana, koma pa Gogo pokha ndimaonera patali ngati mlendo. Lero ndiye akundifuna, ndipo kundifunako kwadzera mwa Amayi.

Ndavomera. Ndikanatani? Bambo opanda Gogo ine sindiwadziwa.

Lachitatu, 5 Malichi

Ku yadi ya kampani tsiku lonse. Phokoso lilipodi, Bambo sananame. Injini ili chizimire, Mayi Ova akumveka bwinobwino. Kungoliza injini, kulira kwayamba, ngati udzudzu uli m'khutu, ndipo ukaponda moto nako kumakwera. Kumeneko ndi kulira kwa olutaneta, chotchajira batire chija. Ukayatsa nyali yothwanima ya padenga, pabweranso phokoso lina, la kukazinga. Waipa yopukuta galasi nayo ili ndi nyimbo yakeyake.

Mawaya ake, Mulungu atithandize. Wailesi anailumikiza pa soketi yoyatsira ndudu limodzi ndi chaja yotchipa ya foni, mawaya ongopota ndi manja, tepi inasungunuka kalekale. Waya wa eriyo wayenda mtolo umodzi ndi wa winchi, makina okokera aja. Eriyoyo anaimanga pamwamba pa penti ndi dzimbiri, osakhudza chitsulo chenicheni. Anagwira ntchitoyi ndikufuna ndidzamuone nkhope.

Ndachotsa eriyo kuti ndione kumene phokoso likulowera. Udzudzu watsala, ndiye kuti ukubwera ndi waya wa moto. Kukazinga kwatha, ndiye kuti kumalowera ku eriyo. Makomo awiri, onse otsegula.

Bambo aima pambali, manja kumbuyo, akumwetulira koyamba sabata ino. "Wadzimvera wekha, Amisiri. Munthu angamve chiyani pamenepa?" Amanditchula Amisiri akafuna kundiseka, komanso akafuna kundinyadira, ndipo sudziwa kuti lero ndi ziti.

Andikalipira kamodzi. Ndinaika nati pa madigadi. "Nati ukamasula, uibwezere pa bawuti yake. Ndinakuuza ukadali wa mamina." Zoona. Kunyumba kwathu ngakhale njinga yothyoka ili ndi manati ake onse.

Mtima pansi. Vutoli ndi la mawaya, ndipo mawaya ndimawatha.

Lachisanu, 7 Malichi

Dzulo ndi lero mutu uli mu boneti. Olutaneta ndaitsegula, kachipangizo kamodzi ka m'kati mwake, dayodi, kanapsa kalekale. Ndasintha, ndawonjezera kondensa yomeza phokoso pa waya wake waukulu. Wailesi tsopano ikudya molunjika ku batire, waya wonenepa, fyuzi pafupi ndi batire pomwepo, fyuluta pakati. Wayayo ndamudutsitsa mbali ina, kutali ndi mtolo wa injini. Chaja ija ndinaitaya mu bini, Bambo aitola, akuti idakali ndi moyo. Ndawauza kuti mu Gogo isalowenso.

Udzudzu watsala waung'ono, wa patali.

Bwana wamng'ono anadutsa masana, nsapato zonyezimira, akulumpha madontho a oyilo. Si munthu woipa, kungoti akufuna aonetse kuti mpando wa bambo ake ukumukwana. Akuti Gogo akachira andipatsa magalimoto ena onse a kampani, onse akulira chimodzimodzi. Mano sindinaonetse, koma mtima unavina. Denga la shedi likudontha, ndipo makasitomala ena akandipeza ndekha amafunsabe ngati eni ake a shedi atuluka.

Tiyi ku ofesi ndi Mayi Ova. Dzinali anawapatsa ndi madalaivala, akuti ngakhale pemphero amalimaliza ndi ova. Akuti udzudzu uja adzausowa. "Liwiro la bambo anu ndimalidziwa ndili pompano. Ukakwera ndimati nkhalamba yamva njala." Kenako, akutakasa shuga, akuti komatu phokosoli lakhalapo zaka, ndipo kale Bambo ankayankha momwemo. Ndawafotokozera za dayodi, kuti ikapsa phokoso limakula. Angoti oho.

Loweruka, 8 Malichi

Tsiku la malamba. Kebini ya Gogo imakhala pa malabala, ndiye sigwirana bwino ndi chesisi, chitsulo chachikulu cha pansi chija, pomwe eriyo ili padenga pa kebini yomweyo. Ndamanga malamba a mkuwa wolukidwa, aafupi: kebini ku chesisi, injini ku chesisi, boneti ku kebini, wina pa paipi ya utsi. Paliponse kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo mbee, kumanga, girizi pamwamba. Patsinde pa eriyo chimodzimodzi. Waya wake ndamusiyanitsa ndi wa winchi. Mawaya a nyali ya padenga ndawaveka timphete toletsa phokoso, waipa ndaipatsa kondensa yake.

Zala zonse mabala. Msana ngati wobwereka.

Tayesa. Injini ikulira, nyali ikuthwanima, waipa ikuvina pagalasi louma, wailesi phee. Mayi Ova akuwa ali ku ofesi: "Gogo, ndikukumvani ngati mwakhala patebulo panga, ova!" Madalaivala amene amakhala pa benchi ya pakhomo aomba m'manja.

Ndatembenuka kuti ndione Bambo. Akupukuta galasi lam'mbali limene linali loyera kale. Angoti, "Wayesetsa." Basi. Ine ndimadikira Amisiri. Mwina zawawawa kuti mwana wamkazi wachotsa sabata imodzi zimene iwo akhala nazo zaka. Amuna a msinkhu wawo ndi otero. Komabe zandipweteka, ndisaname.

Lamulungu, 9 Malichi

Kwa makolo masana. TV ili pamwamba moti mbale zikunjenjemera m'kabati. Amayi akuti ndi momwemo masiku ano, oyandikana nawo safunikanso kugula yawo. Bambo akuti owerenga nkhani a makono amalankhulira m'mphuno.

Kukhitchini Amayi andinong'oneza kuti dzulo anawaitana kawiri ali pakhonde, osatembenuka. Ndawayankha kuti Bambo akhala osakumvani chikwatiranireni, si za lero. Aseka, koma kuseka kwake kwafupika.

Ndawauza kuti asade nkhawa. Wailesi yachira, nkhani yatha.

Lachitatu, 12 Malichi

Foni ya Bwana m'mawa. Phokoso labwerera, dzulo Gogo waitanidwa osayankha, Bambo akuti udzudzu uli pomwe unali. Mawu a Bwana aulemu kwambiri, ulemu woopsa uja.

Ndasiya minibasi ya kasitomala boneti ili yasa, ndathamanga. Lamba wa kebini ku chesisi ali lendelende, nati yamasuka, yangotsala pang'ono kugwa. Chaja ija ilinso pa soketi. Bambo akuti foni inatha moto, akanatani.

Manyazi andigwira. Misewu ya kumapiri ndi yokumbika, galimoto imagwedezeka ngati sefa, ndipo ine ndinamanga nati imodzi yokha. Ntchito ya wophunzira. Ndamanganso: washa, nati, nati yachiwiri pamwamba yotsekera. Ndapaka kadontho ka utoto wofiira wa zikhadabo pa nati iliyonse, kuti ikangosuntha ndione. Kabotolo ka pa ukwati wa mng'ono wanga kapeza ntchito. Chaja ndabwera nayo kuno, ndaimaliza ndi hamala.

Pa benchi paja lero palibe woomba m'manja. Mmodzi wati, mokweza kuti ndimve, magetsi a galimoto si kuluka tsitsi. Bambo anali pomwepo, atafulatira, sanamuyankhe. Kale munthu ameneyo akanaona zakuda. Ndabwerera ku shedi.

Loweruka, 15 Malichi

Labweranso. Mayi Ova andiimbira okha, Bwana asanamve.

Ndalowa pansi pa Gogo ndi tochi, Bambo ali ku ofesi. Lamba wa kebini wachoka yense, akulendewera. Pa bawuti: washa, nati, nati yachiwiri. Zonse pamalo pake, motsatana bwinobwino, zomanga ndi zala kuti zisagwe. Utoto wofiira wosweka, m'mbali mwa nati muli mano a sipanala.

Msewu suchotsa lamba n'kubwezera nati pa bawuti yake. Ndikudziwa munthu mmodzi yekha amene sangathe kutaya nati ngakhale akuchita zobisa.

Ndagona pansipo nthawi yaitali, oyilo akundidonthera paphewa. Choyamba mkwiyo. Zala zanga, dzina langa, nthabwala za pa benchi. Kenako mantha, chifukwa Bambo si munthu woononga galimoto yake popanda chifukwa.

Ndamanga lamba, ndapakanso utoto. Za manati sindinanene. Ndangowauza kuti Lolemba ndikwera nawo, ndikadzimvere ndekha phokosolo pamsewu. Ayang'ana kumbali, akuti mpando winawo uli ndi sipuling'i yobaya. Ndati ndibwera ndi pilo.

Lolemba, 17 Malichi

Ndinalawirira ku yadi Bambo asanafike. Lamba ali m'malo mwake. Ulendo wa kumapiri, kukatenga kagalimoto kogogoda injini.

Wailesi yoyera ngati madzi a m'botolo. Pachikweza choyamba Mayi Ova aitana: Gogo, Gogo, ku ofesi kuno, ova. Bambo maso pamsewu, akuimba chapansipansi nyimbo yawo ya kwaya. Aitananso. Aitananso. Ine manja pamiyendo, ndikudziluma lilime. Atandiona ndikuyang'ana wailesi, atola maikolofoni msangamsanga: "Bwerezani mayi, phokoso lachuluka kuno." M'kebinimo munalibe phokoso lililonse kupatula injini.

Ndayesa zanga. Ndalankhula nkhope ili kuwindo, kuti Bambo, tayala lakumbuyo laphwa. Palibe. Ndabwereza nditawayang'ana, aponda buleki nthawi yomweyo. Akumva ndi maso, akuwerenga milomo. Chiyambire liti? Ndiye uja wa zoluka tsitsi sanamumve n'komwe. Ine ndi mita yanga yoyezera magetsi ndi tochi yanga, ndinayeza chilichonse mu Gogo kupatula dalaivala.

Tikumangirira kagalimoto kaja, ndawauza za manati. Ndinaima patsogolo pawo kuti aone pakamwa panga. Sanakane. Anamaliza kukoka tcheni, n'kupukuta manja chala chimodzichimodzi. Akuti zinayamba chaka chatha, pang'onopang'ono. Hutala amaimva, injini amaimva, koma mawu a munthu m'sipika ali ngati anthu akucheza m'chipinda china. Mawu amene sakundichoka m'mutu ndi awa: "Phokoso lija limandibisa, mwana wanga. Walichotsa, ndiye watsala ndine."

Pobwerera apempha chinthu chimodzi. Ndikauze Bwana kuti yandikanika, Gogo ndi wokalamba, phokoso lake silingathe. Akuti akungofuna chaka chimodzi chokha. Bambo sanandipemphepo kanthu chibadwire changa.

Njira yonse wailesi inali phee, ndipo sindinadanepo ndi ntchito yanga yabwino ngati lero.

Lachiwiri, 18 Malichi

Palibe chooneka chimene ndagwira. Ndalumikiza batire la kasitomala mozondoka, mwayi wake yapsa ndi fyuzi yokha. Ine amene!

Ndikati yandikanika: Bambo asunga makiyi, ine nditaya magalimoto a kampani ndi dzina lomwe, pa benchi paja aseka mpaka chaka chamawa. Zimenezo ndingapirire. Koma galimoto ina idzafera pachikweza, mwina ndi anthu ovulala m'kati, wailesi ikuitana Gogo. Ndikanena zoona: ndawavula Bambo pamaso pa Bwana, mwana amene ankamunyamula pamapewa m'yadi momwemo.

Ndagwira njakata.

Amayi ndawauza. Sanadabwe. Angoti, "Ndimadziwa, koma ndimafuna anene wina."

Lachinayi, 20 Malichi

Njira yachitatu, ngati ili njira. Khutu lakumanja ndiye lidakali ndi mphamvuko. Ndamanga sipika yaing'ono kumbuyo kwa mpando, pafupi ndi khutu limenelo. Pa dashibodi ndaika kanyali kachikasu kamene kamayaka wina akangoyamba kuitana. Kakayaka, Bambo aime pambali, atsitse injini, amvetsere.

Poyamba anakana, akuti Gogo si disiko. Tayesa m'yadi, Mayi Ova akuwerenga manambala a magalimoto. Injini ili pansi, akumva bwino ndithu. Injini ili pamwamba, theka. Ndawalonjezetsa ziwiri: lamba asamugwirenso, ndipo Lachiwiri apite ndi Amayi ku chipatala cha makutu. Choyamba alonjeza ndi pakamwa, chachiwiri ndi mutu.

Mayi Ova sanafunse kuti kanyaliko n'kachiyani. Mayi amene aja amamva zambiri kuposa zodutsa mu wailesi. Angoti kuyambira lero aziyankhula pang'onopang'ono poitana Gogo, lilime lawo lakalamba.

Bwana wakonza zoyesa Lachisanu la sabata yamawa. Gogo akakhala pachikweza chachikulu, iye adzaitana yekha ali ku ofesi, ine ndili naye mu ofesimo. Ndamuuza kuti wailesi ili bwino. Si bodza. Koma ndatuluka mu ofesimo ndikumva ngati ndaba.

Loweruka, 22 Malichi

Kanyali kakugwira. Dzulo ndi lero Gogo wayankha nthawi zonse, mochedwerako koma wayankha. Akoka basi ndi thirakitala. Amayi akuti Bambo abwera kunyumba akuimba mluzu, adya mpaka kupempha zina.

Ndiyenera kukondwa. Ndakonza sitata ya wina, ndasesa m'shedi, ndaika beseni podontha. Ndikukumbukira ndili wamng'ono, tchuthi, ndikugona pampando uja wa sipuling'i yobaya, Bambo akumva tayala la galimoto ya eni ake kuti laphwa isanatidutse n'komwe. Makutu amenewo ndi amene anandiphunzitsa kumvera injini.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ku chipatala apita. Amayi anachita kuwakoka ngati lole yakufa. Si phula ayi, ndi makutu enieniwo, onse awiri, lakumanzere kwambiri. Zaka za injini ndi winchi. Sabwerera mwakale. Kachipangizo kovala m'khutu kangathandizeko, koma adikire, ofuna ndi ambiri.

Ndemanga ya Bambo: dokotalayo nayenso amalankhulira m'mphuno.

Lachitatu, 26 Malichi

Sindinalipo, wandiuza ndi mlonda wa pageti mwiniwake. Bambo akubwerera cham'mbuyo m'yadi, mlonda ali kuseri akusuntha mgolo. Anakuwa, a pa benchi anakuwa, wina mpaka kumenya chitseko. Gogo anaima ataphwanyira mgolo kukhoma. Mlonda analumpha, wangosupuka chigongono. Pondiuza akuseka, akuti anaona makolo ake akumukodola. Ku ofesi sanakanene, akuti iye ndi Bambo adyera mbale imodzi zaka zambiri.

Kanyali kanga sikayaka munthu akakuwa kumbuyo kwa galimoto. Zimenezo sindinaziganize.

Ndadzera kunyumba poweruka. Bambo pakhonde, TV yozima. Za mgolo sanatchule, inenso ayi. Angondifunsa ngati Bwana adakali ndi mawu aja a magalimoto ena. Ndati kaya. Agwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndizimanga tsitsi ndikamagwira pafupi ndi fani ya injini.

Lachisanu, 28 Malichi

Ofesi yodzaza. Bwana, Mayi Ova, ine, madalaivala pakhomo ngati kuli mpira. Ndafika ndisanadziwe chimene ndinene Bwana akandifunsa za kanyali, kapena za mgolo wophwanyika uli kukhomawo.

Bwana watenga maikolofoni, waitana Gogo. Kanthawi. Kenako Bambo, mawu oyera, opanda udzudzu, opanda kukazinga, injini ikumveka pansipansi. Wawafunsa ali pati, ayankha. Wawapatsa nambala ya galimoto kuti abwereze, abwereza yonse. Bwana wamwetulira, wandigwira chanza. Chamumtima ndati tapulumuka.

Sipika yatsegukanso. Ndilemba monga ananenera, ndisadzaiwale.

"Ofesi, Gogo kuno. Nonse amene muli pa wailesi mumve. Wailesi iyi ilibe vuto. Mwana wanga anaikonza sabata yoyamba yomwe, amene ndimamasula lamba ndine. Vuto ndi makutu anga. Dzana ndikanapha munthu m'yadi. Makiyi ndikubweretsa. Amisiri, ntchito yako ndi yabwino. Ova."

Liwu lililonse linamveka. Ndinaikonza bwino kwambiri wailesi imene ija.

Uja wa zoluka tsitsi maso pa nsapato zake. Bwana waitana, akuti Bambo tadikirani tikambirane, wabwereza, palibe yankho. Gogo anali atanyamuka kale. Mayi Ova andipatsa maikolofoni, misozi ili chuchuchu. Mawu anga Bambo sakanawamva injini ili pamwamba. Ndangodina batani katatu, kuti kanyali kaphethire. Patapita kanthawi sipika ya mu ofesi yati tha, tha, tha, Bambo akudinanso lawo.

Gogo walowa m'yadi masana. Bambo amuimika mowongoka, apukuta chiwongolero, apereka makiyi ndi manja awiri. Bwana walandira ataimirira. Mlonda wavula chipewa. Ine ndalowa pansi pa galimoto, ati kukaona lamba. Utoto wofiira uli wonse. Ndakhala komweko mpaka nkhope itauma.

Lolemba, 31 Malichi

Gogo watuluka ndi dalaivala wina, akuti wamuzimira kawiri asanafike pageti. Magalimoto ena a kampani ayamba kubwera Lachitatu. Sindikudziwa ngati ndikondwe.

Amayi akuti Loweruka Bambo anadzuka nthawi yawo yakale, kuvala ovololo, kumanga nsapato, n'kukhala pakhonde mpaka masana.

Lero ndawapeza pakhomo pa shedi, masipanala awo okulunga m'nsalu ali pamiyendo. Akuti amangodutsa. Alowa, ayang'ana denga, ayang'ana beseni, apukusa mutu. Ayamba kutola manati amene ndinaunjika m'chitini n'kumafufuza mabawuti ake. Ndawasiya, ndabwerera ku minibasi. Kenako kumbuyo kwanga: "Amisiri, ndiyambire pati?"

Ndayankha mutu uli mu boneti, kuti ayambe kupala poika malamba. Zii. Ndinaiwala.

Ndatulutsa mutu, ndatembenuka kuti aone pakamwa panga, ndanenanso.